UFITI WA KU NKHATA BAY NDI MBIRI YA ANYANI OBISIKA

Pali funso limene lakhala likuzunguza anthu ophunzira kwa zaka mazana ambiri, ndipo mpaka lero silinazilale: kodi n'kutheka kuti kwina kwake, m'nkhalango zoŵirira kapena m'mapiri osafikika, muli anyani akuluakulu onga anthu amene sayansi sinawaonebe? Ena akamva funsoli amangoseka, amati ndi nthano za ana. Ena amalimeza lonse, kotero kuti phazi lililonse lachilendo limene aliona m'matope amati ndi la chilombocho. Magulu aŵiriŵa akadachita bwino kuyamba aŵerenga mbiri, pakuti funsoli lili ndi mbiri yake yaitali, imene imatiphunzitsa m'mene tingasiyanitsire nkhani yoona ndi mphekesera. Mbiriyo idapondanso m'dziko lathu lino la Malaŵi, monga tione patsogolopa.

Tisanapite patali, tigwirizane pa mau. M'Chicheŵa tili ndi nyani, pusi, nchima ndi changa, ndipo onseŵa ali ndi michira. Nyama zimene tikukamba pano ndi zina: gorila, chimpanzi, bonobo ndi orangutani. Zimenezi zilibe mchira, matupi ao ndi aakulu, ndipo pa nyama zonse ndizo abale apafupi a munthu. Popeza m'nkhalango zathu mulibe, chinenero chathu sichidazipatse dzina, choncho m'nkhani muno tizingoti anyani akuluakulu.

ZIKOPA NDI ZIGAZA

Nkhani yakale koposa imene tili nayo idachokera ku Carthage, mzinda wamalonda umene udali m'dziko limene lero tikuti Tunisia. Zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe, mtsogoleri wina wa mzindawo, dzina lake Hanno, adayenda ndi zombo kutsata gombe la kumadzulo kwa Africa. Chakumapeto kwa ulendowo adafika pa chilumba china pamene adapezapo zolengedwa zaubweya thupi lonse, zambiri mwa izo zazikazi, zimene omasulira ake adazitchula kuti Gorillai. Zazimuna zidathaŵira m'matanthwe n'kumaponya miyala. Zazikazi zitatu zidagwidwa, koma poti zinkaluma ndi kukanda, amalinyerowo adazipha, nazisenda, natengera zikopa ku Carthage. Mlembi wa Chiroma, Pliny, adalemba kuti zikopazo zidasungidwa m'kachisi kufikira pamene Aroma adaononga mzindawo m'chaka cha 146 Yesu asanabadwe. Akatswiri akhala akutsutsana pa za Gorillai ameneŵa. Ena amati adali achimpanzi, ena agorila, ena anyani wamba, ndipo ena amati adali anthu enieni. Ngati otsirizaŵa akunena zoona, ndiye kuti mbiri yathuyi idayamba ndi kupha anthu. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaibwerera.

Padapita zaka zoposa 2,000 nkhaniyi isanamvekenso bwino ku Ulaya. Mmalinyero wa ku England, Andrew Battell, adagwidwa ndi Apwitikizi nakhala zaka zambiri ku Angola ndi ku Loango. Zimene adasimba atabwerera kwao zidasindikizidwa ndi Samuel Purchas m'chaka cha 1625. Battell adati m'nkhalango ya Mayombe muli zilombo ziŵiri: chachikulu eni dziko amachitcha Pongo, chaching'ono Engeco. Pongo adamufotokoza kuti ndi wofanana ndi munthu koma wamkulu, amadya zipatso osati nyama, ndipo apaulendo akachoka pa moto m'maŵa amadza kudzaotha, koma sadziŵa kusonkheza nkhuni. Tikachotsapo zokometsera zina, tikuona kuti Battell ankanena za gorila ndi chimpanzi. Chimpanzi sadachedwe kutsimikizika, popeza sing'anga wa ku London, Edward Tyson, adatumbula mtembo wa mwana wa chimpanzi nalemba buku lake m'chaka cha 1699. Koma Pongo adakhala nthano ya amalinyero kwa zaka zina 222. Ngakhale dzina lake lidasokera: akatswiri adalipereka kwa orangutani wa ku Borneo ndi Sumatra, amene mpaka lero m'mabuku a sayansi amatchedwa Pongo.

Zinthu zidasintha m'chaka cha 1847. Mmishonale wina wa ku America amene adalinso dokotala, Thomas Savage, adaima pa mtsinje wa Gabon nafikira kunyumba kwa mbusa mnzake, John Leighton Wilson. M'nyumbamo adaonamo chigaza chachikulu chimene sichidali cha chimpanzi. Anthu a mtundu wa Mpongwe adamuuza kuti nyamayo amaidziŵa, ali nalo dzina lake, ndipo adamthandiza kupeza zigaza zina ndi mafupa. Savage adatengera mafupawo ku Boston, kumene iye ndi katswiri wa ziŵalo za thupi, Jeffries Wyman, adalengeza za mtundu watsopano wa nyani, naupatsa dzina lochokera m'nkhani ya Hanno lija: gorilla. Mabuku amati gorila adatulukiridwa m'chaka cha 1847, koma chimene chidachitika chaka chimenecho n'chakuti fupa lidafika m'manja mwa anthu okhala ndi makina osindikizira. Alenje a ku Gabon adali atamdziŵa gorila kuyambira kwa makolo ao.

Amene adatchukitsa gorila ndi Paul du Chaillu, yemwe adayenda m'nkhalango za Gabon kuchokera 1856 mpaka 1859 nasindikiza buku m'chaka cha 1861. Iyeyu adabweretsa zikopa zenizeni, koma adathira mchere wambiri m'nkhani zake, kotero kuti akatswiri ena a ku London adamutcha wabodza. Chithunzi cha gorila wolusa chimene adajambula chidakhazikika m'mitu ya anthu, mpaka chidabala kanema wa King Kong m'chaka cha 1933. Padatenga George Schaller, amene adakhala pakati pa agorila a m'mapiri a Virunga m'zaka za 1959 ndi 1960, kuonetsa kuti nyamayi ndi yofatsa, yodya masamba, yokonda banja lake.

Agorila a m'mapiriwo nawonso ali ndi mbiri yofanana. Anthu a ku Rwanda adali ndi dzina lao kale, ingagi. Koma sayansi idawavomereza pokhapokha Kaputeni Robert von Beringe, msilikali wa ku Germany, ataombera aŵiri pa phiri la Sabinyo pa 17 Okutobala 1902. Mafupa a mmodzi adatumizidwa ku Berlin, ndipo chaka chotsatira Paul Matschie adatcha nyamayo Gorilla beringei, kutengera dzina la woombera uja.

JOHNSTON AKANA MAPAZI

Tipatuke pang'ono tikambe za nyama imene si nyani, chifukwa nkhani yake ikuonetsa poyera m'mene zinthuzi zinkayendera, komanso mwini nkhaniyo timamdziŵa kuno kwathu. Sir Harry Johnston ndiye adali mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda m'dziko lino kuchokera 1891 mpaka 1896, ndipo Mangochi kale inkatchedwa Fort Johnston chifukwa cha iye. Pambuyo pake adatumizidwa ku Uganda. Kumeneko m'chaka cha 1900 adalanditsa Ambuti angapo a m'nkhalango ya Congo amene Mjeremani wina adawagwira kuti akawaonetse pa chionetsero cha ku Paris. Powabwezera kwao, Johnston adawafunsa za nyama yonga bulu imene Henry Morton Stanley adaitchulapo m'buku lake. Iwo adavomera kuti ilipo, dzina lake ndi okapi.

Ataloŵa m'nkhalango, omperekeza adamuonetsa mapazi a nyamayo. Johnston adawakana, popeza adali a ziboda zogaŵikana, chonsecho iye adali atatsimikiza kale mumtima mwake kuti akufuna kavalo wa m'nkhalango. Adabwerako ndi timizere tiŵiri ta chikopa cha mizeremizere ngati cha mbidzi, ndipo ku London nyamayo idalembedwa m'gulu la akavalo. M'chaka cha 1901, chikopa chathunthu ndi zigaza ziŵiri zitafika, zidadziŵika kuti okapi ndi mbale wa kadyamsonga, ndipo ziboda zake n'zogaŵikanadi. Omperekeza aja adalondola, wophunzira uja adaphonya. Komabe dzina limene lili m'mabuku ndi Okapia johnstoni.

Nyani wamkulu wotsiriza kudziŵika mu Africa muno adapezeka m'njira yodabwitsa. M'nyumba yosungiramo zinthu ya ku Tervuren, ku Belgium, mudali chigaza chaching'ono chimene onse ankati ndi cha mwana wa chimpanzi. Ernst Schwarz atachiyang'anitsitsa adaona kuti mafupa ake adali olumikizana ngati a nyama yokhwima, nalengeza zimenezi m'chaka cha 1929. M'chaka cha 1933 Harold Coolidge adaonetsa kuti ndi mtundu pawokha. Ameneyu ndiye bonobo, wokhala kumwera kwa mtsinje wa Congo.

Tikaika nkhani zonsezi pamodzi, tikuona kuti zikuyenda njira imodzi. Poyamba pali eni dziko amene nyamayo amaidziŵa ngati nyama wamba: ali ndi dzina lake, amadziŵa chimene imadya, kumene imagona ndi m'mene mapazi ake amaonekera. Kenaka pabwera mlendo amene amva, nakasimba kwao, anzake namkayikira. Potsiriza pafika chikopa kapena chigaza, mkangano n'kutha. Ndiponso tionetsetse kuti munthu akangopita ndi mtima wofunadi umboni kwa anthu oidziŵa nyamayo, umboniwo sunkachedwa: Savage adaupeza asanachoke ku Gabon, ndipo wa okapi udafika chaka chisanathe n'kale.

MLENDO WA PA LIMPHASA

Tsono tibwere kwathu. M'chaka cha 1959, chaka chomwecho chimene boma la atsamunda lidakhwimitsa malamulo ndi kuombera anthu pa doko la Nkhata Bay, anthu ogwira ntchito ya msewu ndi mlatho pa mtsinje wa Limphasa, m'boma lomwelo, adayamba kuona chinyama chakuda, chachikulu, chopanda mchira. Chinkabwera m'mphepete mwa nkhalango n'kumaonerera ntchito yao. Anthu adachitcha Ufiti. Mabuku ena a Chingerezi amamasulira dzinali ngati mzukwa, koma ife sitisoŵa womasulira kuti atiuze tanthauzo la ufiti.

Mbiri idawanda, zithunzi zidajambulidwa, ndipo m'chaka cha 1960 akatswiri aŵiri, B.L. Mitchell ndi C.S. Holliday, adapita kukachiona nalemba lipoti. Chidali chimpanzi wamkazi. Chodabwitsa chidali chakuti achimpanzi am'thengo apafupi amapezeka kumadzulo kwa Tanzania, cha ku nyanja ya Tanganyika, mtunda wa makilomita mazanamazana kuchokera ku Nkhata Bay. Ndiponso Ufiti adali ndi ubweya wotuŵa kumsana, monga umaonekera pa gorila wamphongo wokhwima. Tikumbukire kuti panthaŵiyo sayansi inkadziŵa zochepa kwambiri za achimpanzi am'thengo; Jane Goodall adangofika kumene ku Gombe m'mwezi wa Julaye 1960.

Akatswiri adagaŵikana paŵiri. Ena, monga W.C. Osman Hill amene adalembapo za Ufiti m'chaka cha 1963, adaona kuti n'kutheka kuti adali wa fuko la achimpanzi a kumwera limene sayansi idali isanalidziŵe, pakuti nkhalango za ku Nkhata Bay zimalandira mvula yambiri ndipo zikadatha kusunga nyama yotere. Ena adati ai, ameneyu adali choŵeta cha munthu wina, chochokera ku Congo, chimene chidathaŵa kapena kutayidwa. Iwo adaloza ku khalidwe lake losaopa anthu, ndiponso kuti nthaŵi zonse ankaoneka yekha, chonsecho achimpanzi amakhala m'magulu. M'mwezi wa Malichi 1964, kutatsala miyezi yochepa kuti Malaŵi alandire ufulu, Ufiti adagwidwa natumizidwa kumalo osungirako nyama ku Chester, ku England. Adafika akudwala, ndipo sadathe miyezi iŵiri ali moyo. Chichokereni iye, palibe chimpanzi wina amene adagwidwa kapena kutsimikizika m'nkhalango za kumeneko.

Mkangano umenewu tingauunike ndi nyali ya mbiri imene taona ija, ndipo umboni wamphamvu uli m'dzina. Anthu a Mpongwe adali ndi dzina la gorila, Anyarwanda ingagi, Ambuti okapi. Onseŵa adali maina a nyama, otchulidwa monga ife titchulira nyani kapena nguluŵe. Koma anthu a m'mphepete mwa Limphasa, amene makolo ao adasaka ndi kutema mitengo m'nkhalango zimenezo kwa mibadwo yambiri, ataona chinyamachi adachitcha Ufiti. Munthu satchula ufiti chinthu chimene agogo ake ankachipirikitsa m'munda wa chinangwa. Amatchula ufiti chinthu chimene chaoneka pamalo posayenera, chosoŵa chifotokozo. Kukadakhala fuko la achimpanzi ku Nkhata Bay, bwenzi ogwira ntchitowo atangotchula dzina lake lakale n'kupitiriza kukumba. Dzina limene adasankha likunena kuti Ufiti adali mlendo kwa iwo monga adaliri kwa akatswiri aja. Motero nkhani ya Ufiti ikutiphunzitsa mbali ziŵiri: amene adasimba kuti aona chinyama chachilendo sankanama, koma chinyama chimodzi sichipanga mtundu.

MAPAZI OPANDA MWINI

Tiyeni tsopano tiyese ndi muyeso womwewo zilombo ziŵiri zotchuka koposa, zimene zili kutali ndi Africa. Choyamba ndi yeti wa m'mapiri a Himalaya. Azungu adayamba kumulabadira m'chaka cha 1921, pamene gulu lokayendera phiri la Everest motsogozedwa ndi Charles Howard-Bury lidaona mapazi achilendo m'chipale chozizira cha m'mapiri. Mtolankhani wina wa ku Calcutta, Henry Newman, adamasulira molakwika mau a onyamula katundu, napanga dzina loopsa limene nyuzipepala za ku Ulaya zidalikonda. M'chaka cha 1951 Eric Shipton adajambula chithunzi cha phazi lalikulu chimene chidafalikira dziko lonse. M'chaka cha 1960 Sir Edmund Hillary adabwereka chikopa cha pamutu chimene chimasungidwa m'nyumba ya chipembedzo ku Khumjung, ku Nepal, chomwe anthu ankati ndi cha yeti, nakachionetsa kwa akatswiri ku America ndi ku Ulaya. Iwo adapeza kuti chidaumbidwa ndi chikopa cha serow, nyama yam'mapiri yonga mbuzi. M'chaka cha 2017 gulu lotsogozedwa ndi Charlotte Lindqvist lidapima DNA ya zinthu 9 zonenedwa kuti ndi za yeti, monga mafupa, dzino, khungu ndi ubweya. Zinthu 8 zidali za zimbalangondo, chimodzi cha galu. Zaka zoposa 100 zapita chiyambire kusakako, ndipo fupa la nyani silinapezeke.

Chachiŵiri ndi Bigfoot wa ku North America. Dzinali lidayamba m'chaka cha 1958, pamene ogwira ntchito ya msewu ku Bluff Creek, ku California, adapeza mapazi aakulu pafupi ndi makina ao. Mwini ntchitoyo, Ray Wallace, atamwalira m'chaka cha 2002, abale ake adatulutsa mapazi osema a matabwa nati ndiwo ankapondetsa m'matope. Kanema wamfupi wojambulidwa ndi Roger Patterson ndi Bob Gimlin pa malo omwewo m'chaka cha 1967 akadakanganitsabe anthu. Koma m'dziko la misewu yambiri, la alenje mamiliyoni ndi makamera otchera m'nkhalango, palibe mtembo, chigaza ngakhale dzino limene lapezeka. Ndiponso m'nthaka ya America yonse simunafukulidwepo fupa la nyani wamkulu aliyense wakale.

Okhulupirira za yeti amakonda kutchula Gigantopithecus, nyani wamkulu koposa onse amene adakhalako. Ameneyu adalikodi kumwera kwa China, ndipo adatha zaka zoposa 200,000 zapitazo. Koma taonani m'mene adadziŵikira: m'chaka cha 1935 G.H.R. von Koenigswald adapeza dzino lake m'sitolo ya mankhwala achikuda a Chitchaina ku Hong Kong, ndipo chiyambire pamenepo apezeka mano ambirimbiri ndi nsagwada zingapo. Nyama imene idatha kalekale idatisiyira mano, pamene nyama imene akuti ili moyo lero sidatisiyire ngakhale limodzi.

Apa ndi pamene tiyenera kubwerera ku zikopa za Hanno zija. Kusaka nyani wonga munthu kudali ndi mbali yake yonyansa, chifukwa ena mwa osakawo ankafuna umboni wakuti mitundu ina ya anthu ili pafupi ndi nyama. M'chaka cha 1906 mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, adaikidwa m'nyumba ya anyani kumalo osungirako nyama ku Bronx, mu New York, kuti anthu azimuonerera. Abusa achikuda a mumzindawo ndiwo adadzudzula mpaka adatulutsidwa, ndipo m'chaka cha 1916 adadzipha. M'chaka cha 1929 George Montandon adalengeza za nyani wamkulu wa ku Venezuela, potengera chithunzi chimodzi chokha cha François de Loys, choonetsa nyama yakufa yokhazikidwa pa bokosi, itachirikizidwa ndi ndodo. Akatswiri ena adaona msanga kuti adali pusi wamba wa kumeneko wa miyendo italiitali. Montandon adakakamira chifukwa ankaphunzitsa kuti mtundu uliwonse wa anthu udachokera kwa nyani wakewake, ndipo ankasoŵa nyani woti akhale kholo la eni dziko la America. Choncho tikamva nkhani za zilombo zotere, ndi bwino kufunsanso kuti wosimbayo akufuna kupindulapo chiyani.

ZIMENE NKHALANGO INGABISE

N'chifukwa chiyani kuli kovuta kuti nyani wamkulu abisale? Mtundu wa nyama sukhala ndi nyama imodzi kapena ziŵiri. Pamafunika mazana kuti upitirire mibadwo. Anyani akuluakulu amabereka mochedwa: gorila mwana mmodzi pa zaka pafupifupi 4, chimpanzi pa zaka 5, orangutani pa zaka 7 kapena 8. Amadya kwambiri ndipo amayenda dera lalikulu. Usiku uliwonse wamkulu aliyense amamanga chisa chatsopano cha masamba ndi nthambi, kotero kuti gulu limodzi limasiya zisa zikwizikwi pa chaka, kuonjezera pa ndoŵe, ubweya ndi zotsala za chakudya. Mlenje wa m'deralo sangaphonye zonsezi kwa moyo wake wonse.

Izi sizitanthauza kuti buku la sayansi ladzaza. M'chaka cha 2008 bungwe la Wildlife Conservation Society lidalengeza kuti kumpoto kwa Republic of Congo kuli agorila pafupifupi 125,000, ambiri kuposa m'mene akatswiri ankaganizira, ndipo ena mwa iwo adapezeka m'madambo kumene alenje a kumeneko adalozera. M'chaka cha 2017 anyani a orangutani a m'nkhalango ya Batang Toru ku Sumatra adazindikirika kuti ndi mtundu pawokha, wotchedwa Tapanuli, pambuyo popima DNA ndi chigaza. Atsala osakwana 800.

Chitsanzo chapafupi ndi ife chili kungodutsa malire a Songwe. M'chaka cha 2003 Tim Davenport ndi anzake adamva kwa alenje a Chinyakyusa a m'midzi yozungulira phiri la Rungwe, kumwera kwa Tanzania, za nyama yamanyazi yokhala m'mitengo yotchedwa kipunji. Adaifunafuna mpaka adaiona, ndipo m'chaka cha 2005 idalengezedwa kuti ndi mtundu watsopano. Chaka chotsatira zidadziŵika kuti ndi yosiyana kwambiri ndi anzake kotero kuti idapatsidwa gulu lakelake, Rungwecebus, chinthu chimene chidali chisanachitike pa apusi a mu Africa kwa zaka 83. Kipunji ali ndi mchira ndipo si wamkulu ngati chimpanzi, koma njira imene adadziŵikira ndi ija ya Savage: dzina la eni dziko, kenaka umboni. Nthaŵi ino dzina la eni dzikolo ndi limene lidaloŵa m'mabuku. Mau a akulu akomadi akagonera.

Kummaŵa kwa Mulanje, m'dziko la Mozambique, kuli phiri la Mabu, limene nkhalango yake akatswiri adailabadira m'chaka cha 2005 Julian Bayliss ataiona pa zithunzi za Google Earth. Anthu a kumeneko ankaidziŵa kale. Maulendo a akatswiri kuyambira nthaŵi imeneyo apezamo mitundu yatsopano ya anamzikambe, agulugufe, njoka ndi mleme. Nkhalango yaikulu imene sayansi idali isanaipondemo idabisa tizilombo tating'ono tambiri, koma chimphona mudalibe.

Tsono funso lathu lija tiliyankhe motere. Kuti kwina kwake kuli nyani wamkulu wachilendo kotheratu, wonga yeti kapena Bigfoot, mbiri ikukana, pakuti nyama zonse zenizeni zidapereka mafupa ao msanga kwa amene adapita kukafunsa eni dziko, pamene ziŵirizi zangopereka mapazi ndi zithunzi zosaoneka bwino. Koma kuti pali magulu a anyani odziŵika kale amene sanaŵerengedwe, kapena mitundu imene ikusokonezedwa ndi inzake monga zidachitikira ndi bonobo, zimenezo zachitika m'masiku athu ano ndipo zingachitikenso.

Kwa ife a pa sukulu ino phunziro lake ndi la ntchito. Safunsa adadya phula, monga Johnston pokana mapazi aja. Koma nayenso kandimverere adakanena za m'maluŵa. Wophunzira za zamoyo ayenera kufunsa, ndipo akamva ayenera kukaona ndi kubweretsa umboni. Maina a nyama, mbalame ndi zomera m'Chicheŵa, Chitonga, Chitumbuka, Chinkhonde, Chilomwe, Chiyao ndi Chisena ndi kaundula amene makolo adamanga poyang'anitsitsa chilengedwe kwa zaka mazana ambiri. Kaundulayo ali m'mitu ya okalamba amene akutha, ndipo nkhalango zimene akunena, za ku Misuku, ku Nkhata Bay, ku Mulanje ndi kwina, zikutha ndi nkhwangwa, makala ndi moto. Ophunzira zinenero ndi ophunzira zamoyo akadayenera kupita limodzi kumidzi, wina ndi kope lolembamo maina, wina ndi kamera ndi botolo. Chimpanzi wachiŵiri wa pa Limphasa asamuyembekezere. Koma ngati pa Rungwe, pafupi chonchi ndi Karonga, padakhala nyama yokhala ndi dzina lake imene mabuku adaidziŵa m'chaka cha 2005, ndiye kuti m'maina athunso mungakhale ena amene akudikira woti awafunse mwini wake.